Tsiku Limene Nkhanga Inataya Mawanga

Pachitseko cha firiji kunyumba kwanga kuno ku England ndinamatapo mapepala awiri moyandikana, ndipo aliyense wobwera kudzacheza amayamba waima pamenepo asanalandire ndi madzi omwe. Papepala lililonse pali kamunthu kotuwa, kopanda nkhope, manja ali m'mwamba ngati wakuba amene apolisi amupezerera pawindo. Kamunthu ka kumanzere kali ndi mawanga akuda bii: m'khosi mbali zonse ziwiri, m'khwapa, chimpira chachikulu pakati pa chifuwa, ndi timadontho tina cham'mimba kumanzere. Nkhanga yeniyeni. Kamunthu ka kumanja ndi komweko, msinkhu womwewo, phewa lopendekera lomwelo, koma kali mbee ngati ufa woyera woyanika pamphasa.

Pakati pa zithunzi ziwirizi panangodutsa miyezi iwiri. Kamunthuko ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga a ku Ntcheu, yemwe lero lino akumaliza mitanda itatu ya nsima n'kumasuzumiranso mumphika.

Anabwera kuno kudzaphunzira za makompyuta ali ndi zaka 23, ndipo ine monga mwini mbumba ndinamupatsa kachipinda kam'mwamba. Chinayamba ndi mwanabere m'munsi mwa khosi, wosapweteka, wolimba ngati labala. Tonse tinati zichoka zokha. Kwathu mwanabere ndi chinthu chomwe munthu amachiseka, amati wapunthwa chala kapena dzino lavuta. Koma uyu anakula kuchoka pa njere ya mtedza kufika pa dzira la nkhunda, anzake n'kuyamba kutumphuka mbali inayo. Mnyamata ankadzuka usiku zofunda zili chonyowa ndi thukuta, pamene kunja kukugwa chisanu choumitsa madzi m'mapaipi. Lamba anabooletsa mabowo awiri atsopano. Ankadzikanda miyendo mpaka kutuwa. Atadulako mwanabere mmodzi n'kukamuyeza, dzina linatuluka: Hodgkin lymphoma, khansa ya m'tizigawo tomwe timasefa majeremusi m'thupi. Dzinali ndi la dokotala wa pa Guy's Hospital ku London, Thomas Hodgkin, yemwe mu 1832 analemba za odwala asanu ndi awiri otupa anabere ndi kapamba.

Kuimbira achemwali foni usiku umenewo inali ntchito yoposa kulima dambo. Mawu akuti khansa kwathu amamveka ngati uthenga wa maliro wofika mwiniwake akadali moyo. Iwo anangoti, "Achimwene, mwanayo ndinakupatsani ali bwinobwino," kenako zii. Ndinamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo kutali uko, ine ndili chiimire m'khitchini.

Asanayambe mankhwala anamuitana kukajambulidwa ndi makina otchedwa PET-CT. Malangizo ake anali oseketsa kwa munthu wodwala chonchi. Asadye kanthu kwa maola asanu ndi limodzi, madzi okha. Dzulo lake asathamange kapena kunyamula zolemera. Titafika anamubaya chala kuona shuga wa m'magazi, kenako namwino anabwera ndi jakisoni wotsekeredwa m'chitsulo cholemera, n'kumubaya pamkono, n'kumusiya m'kachipinda kamdima atamufunditsa bulangete. Ola lathunthu osalankhula, osatafuna chingamu, osaseweretsa foni. Kwa mphwanga chilango chachikulu chinali cha foniyo. Pambuyo pake anamuuza akataye madzi, n'kumugoneka pakabedi kopapatiza kamene kanamulowetsa pang'onopang'ono m'chimphete chachikulu, manja ali m'mwamba, kwa mphindi ngati 25. Potuluka anatichenjeza kuti kwa maola angapo asanyamule khanda kapena kukhala moyandikana ndi mayi woyembekezera.

Ine ndisanabwere kuno kudzasamalira okalamba ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale, ndiye zinthu zikandisokoneza ndimathawira m'mabuku. Usiku umenewo ndinawerenga mpaka mbandakucha, ndipo ndinapeza kuti chimene anamubaya mwanayo ndi shuga. Shuga wachinyengo. Zaka za m'ma 1920 Mjeremani wina, Otto Warburg, anaona kuti maselo a khansa ndi osusuka, amameza shuga kuposa maselo abwino. Ndiye akatswiri anatenga shuga, n'kuchotsapo kachidutswa kamodzi, n'kulowetsapo fluorine wotulutsa cheza. Dzina lake ndi FDG. Selo losusuka limamumeza poganiza kuti ndi chakudya, koma akalowa sapsa ndipo satulukanso, amangokodwa m'katimo ngati mbewa m'diwa, akuwala. Chimphete chija chimawerenga kuwalako n'kuloza pamene pakuchokera. Anthu oyamba kubayidwa shuga ameneyu anabayidwa mu 1976 ku Philadelphia, mankhwalawo atapangidwa ku Brookhaven n'kuthamangitsidwa pandege, chifukwa mphamvu yake imatha theka pa mphindi 110 zilizonse. Makina ophatikiza PET ndi CT, akuti uone kuwala komanso chiwalo chimene chikuwalacho, anayamba kuyesedwa ku Pittsburgh mu 1998 ndi David Townsend ndi Ronald Nutt. Thirani shuga pansi muone pamene nyerere zadzadza. Nzeru yake ndi yomweyo basi.

Tsiku loona chithunzi choyamba ndinachita manyazi omwe mphwanga sadzandikhululukira. Dokotala, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, atatembenuza kompyuta kuti tione, maso anga anathamangira kumutu kwa kamunthu kaja. Mutu wonse unali bii. Ndinagwira tebulo, miyendo itazizira, n'kufuula kuti, "Mayo, yafika mpaka ku ubongo!" Dokotala anaseka pang'ono n'kunena kuti ubongo wa munthu aliyense umadya shuga kwambiri, umayenera kuda choncho. Chimpira cha pansi pa mchombo ndi chikhodzodzo, chifukwa shugayu amatuluka ndi mkodzo. Tinapuma. Koma kupumako kunali kwa kanthawi, chifukwa zotsala zonse, za m'khosi, m'khwapa, pachifuwa ndi m'kapamba, zinali matenda enieni. Siteji 3.

Ndiye mayiyo ananena mawu omwe poyamba ndinawayesa ongotitonthoza. Anati chithunzi ichi tisachiope kwambiri, chimangosonyeza kukula kwa munda. Chimene chidzatiuze za m'tsogolo ndi chachiwiri, chojambula mankhwala akalowa kanayi.

Mankhwalawo amatchedwa ABVD, zilembo zoyamba za mitundu inayi, ndipo anawasanja ndi Gianni Bonadonna ku Milan zaka za m'ma 1970. Amalowa pa diripi masabata awiri alionse, kakhumi ndi kawiri, miyezi isanu ndi umodzi. A ndi wofiira ngati Sobo wa cherry, mkodzo n'kufiiranso tsiku limenelo. D amawotcha mtsempha, mphwanga ankaluma mano. V anandidabwitsa, chifukwa amachokera ku kaduwa ka pinki ka ku Madagascar komwe amayi athu ankadzala pakhonde m'zitini zakale, mbuzi n'kumakadutsa osakakhudza. B ndi bleomycin, ndipo ndi amene dokotala ankamutchula atakwinya nkhope, chifukwa kwa odwala ena amaumitsa mapapo, munthu n'kuchira khansa koma kutsala akupuma wefuwefu pokwera masitepe, ndipo ena amafa nazo.

M'wodi yolandirira mankhwalamo munkabwera mzungu wina wachikulire, wongodzipereka, wokankha kangolo ka tiyi ndi mabisiketi. Tsiku lachiwiri anafunsa mphwanga chimene akudwala, ndipo atamva, anaimika kangolo kake, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna kuba, n'kukweza malaya. Chipsera chinayambira pansi pa chifuwa mpaka kupitirira mchombo, chotuwa, chokhala ndi timabowo ta ulusi mbali zonse ngati msoko wa thumba la chimanga. "Mnyamata iwe," anatero, "matenda ako ndi anga. Ine anandipeza nawo ndili ndi msinkhu wakowu. Ichi si chipsera cha kuchiritsa ayi. Uku kunali kusuzumira chabe."

Nkhani ya mkuluyo ndi imene inandionetsa kutalika kwa ulendo umene madokotala ayenda. M'masiku ake, pofuna kudziwa pamene matenda afika, ankayamba ndi mapazi. Ankabaya utoto wabuluu pakati pa zala za kumiyendo, kucheka pamwamba pa phazi lililonse, kufunafuna kamtsempha kopyapyala ngati ulusi, n'kupoperamo mafuta pang'onopang'ono kuti anabere a m'mimba aoneke pa ekisire. Mapazi ankakhala abuluu kwa masabata. Izi zikapanda kukwanira ankang'amba mimba, kuchotsa kapamba yense, kudulako chiwindi ndi anabere angapo, n'kusoka. Njirayi inatchuka kuchokera ku Stanford ku America, kwa Henry Kaplan ndi Saul Rosenberg, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo sanali anthu ankhanza. Pa nthawiyo panalibe diso lina loonera m'kati. Akapamba ambiri otayidwawo ankapezeka kuti alibe kanthu. Mkuluyo mpaka lero amamwa penicillin tsiku ndi tsiku chifukwa munthu wopanda kapamba majeremusi ena amamugwetsa msanga. Kenako anamuwotcha ndi cheza kuyambira m'chibwano mpaka pansi pa chifuwa, khansa n'kutheratu, koma patapita zaka makumi atatu mtima unayamba kuvuta pamalo powotchedwapo, mpaka anamuika valavu yatsopano. Akazi ambiri owotchedwa chonchi ali atsikana anadzapezeka ndi khansa ya m'mawere atakula.

Mphwanga, yemwe ankadandaula za ola limodzi lopanda foni, anangoti kukamwa yasa. Ngakhale singano yaikulu yoboolera fupa la m'chiuno kuti atengeko mafuta a m'mafupa, yomwe odwala Hodgkin onse ankaidziwa, iye inamudumpha, chifukwa malamulo omwe akatswiri anagwirizana ku Lugano n'kuwasindikiza mu 2014 anati munthu wa Hodgkin akajambulidwa PET-CT kuboolako sikufunikanso.

Makina a CT atabwera, kuyambira pa wodwala woyamba ku Wimbledon mu 1971, kung'amba mimba kunayamba kuchepa. Koma CT ili ndi vuto la munthu woyeza chulu ndi chingwe. Adzakuuza kutalika kwake ndi kunenepa kwake, koma sangakuuze ngati m'katimo muli chiswe kapena chinasamuka kalekale. Matenda a Hodgkin amakonda kusiya chulu pachifuwa mankhwala akatha, chotupa cha zipsera zokhazokha nthawi zambiri, koma nthawi zina chobisa maselo amoyo. Madokotala posadziwa ankangowotcha pafupifupi aliyense. Gulu la ku Cologne ku Germany, m'kafukufuku wawo wotchedwa HD15, linaganiza zowotcha okhawo amene chulu chawo chikuwala pa PET. Owotchedwa anatsika kufika pa anthu 11 mwa 100 alionse, pamene m'kafukufuku wawo wam'mbuyo anali 71, ndipo ochira sanachepe. Tangoganizani mitima ndi mabere amene anapulumuka pamenepo.

Chomwe chinanditengera mtima kwambiri ndi nkhani ya chithunzi chachiwiri chija. Kale dokotala pofuna kulosera ankawerenga zizindikiro zisanu ndi ziwiri zomwe Dirk Hasenclever ndi Volker Diehl anazisanja mu 1998 atasanthula odwala oposa 5,000: zaka za munthu, ngati ndi mwamuna, siteji, kuchuluka kwa magazi ndi zina. Zinali zothandiza, koma zinali ngati kulosera zokolola poyang'ana dothi ndi mitambo mbewu isanalowe pansi. Mu 2007 Andrea Gallamini wa ku Cuneo ku Italy ndi Martin Hutchings wa ku Copenhagen, pamodzi ndi anzawo, anasindikiza zimene anapeza pa odwala 260 omwe anajambulidwa atangolandira magawo awiri a ABVD, ndiye kuti madiripi anayi, mankhwalawo osasinthidwa. Mwa amene chithunzi chawo chinayera, 95 pa 100 alionse anali bwinobwino patapita zaka ziwiri. Mwa amene chinali kuwalabe, 13 okha. Zizindikiro zisanu ndi ziwiri zija zinangoima pambali ngati mlendo pamilandu ya eni mudzi. Akuluakulu akale amati m'mera mpoyamba, ndipo ndinaseka ndekha usiku nditaona kuti azungu anafunika makina a mamiliyoni kuti afike pa mwambi womwe agogo anga ankautchula akupalira. Matenda amene agonja msanga ndi amene amagonja mpaka kalekale.

Panatsala vuto limodzi. Kuyera n'kutani? Dokotala wa ku Turin akhoza kuona kamthunzi n'kunena kuti matenda alipo, wa ku Leeds n'kunena kuti palibe. Mu 2009 akatswiri anakumana ku Deauville, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja ku France yotchuka ndi mipikisano ya akavalo ndi juga, n'kugwirizana pa muyeso womwe gulu la Sally Barrington pa St Thomas' ku London linali litayamba kale kugwiritsa ntchito. Nzeru yake ndi yakumudzi kwenikweni: muyeso uli m'thupi la wodwala yemweyo. Amayerekeza chotupacho ndi magazi a pakati pa chifuwa komanso chiwindi. Ngati sichikuwala konse, ndi 1. Ngati sichikuposa magaziwo, 2. Chikaposa magazi koma osaposa chiwindi, 3. Chikaposa chiwindi, 4. Chikachiposa kwambiri kapena pakatuluka mawanga atsopano, 5. Zimandiseketsa kuti dzina la muyesowu, Deauville, lomwe odwala masauzande amalitchula mtima uli m'mwamba ndi la malo omwe olemera a ku Paris amapita kukaotha dzuwa.

Kulosera kokha sikukanandisangalatsa. Wolosera amene amangokuuza kuti ugwa m'dzenje koma osakusonyeza njira ina ndi wongowonjezera nkhawa. Chokoma n'chakuti madokotala anayamba kusintha mankhwala potengera chithunzicho. Kafukufuku wotchedwa RATHL, wotsogoleredwa ndi Peter Johnson wa ku Southampton, anatenga odwala oposa 1,200 a ku Britain, Italy, maiko a Scandinavia, Australia ndi New Zealand, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Pafupifupi 84 mwa 100 alionse chithunzi chawo chachiwiri chinayera. Amenewa anawagawa pawiri mwa mayere: ena kupitiriza ndi ABVD yense, ena kuchotseredwa B. Patapita zaka zitatu, omwe matenda sanawabwerere anali pafupifupi 86 pa 100 mbali imodzi ndi 84 mbali inayo, kusiyana kochepa zedi, koma ochotseredwa B mapapo awo anavutika mochepa. Amene chithunzi chawo chinali kuwalabe anawasamutsira ku mankhwala aukali a Chijeremani otchedwa BEACOPP, ndipo awiri mwa atatu alionse anafika zaka zitatu matenda osabwerera, kutali ndi 13 uja. Ajeremani nawo, omwe pa nthawiyo ankakonda kuyamba ndi mankhwala aukaliwo, anapeza mu HD18 kuti woyera msanga magawo anayi amukwanira m'malo mwa asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu.

Zonsezi ndinkazidziwa pamtima ngati ndakatulo ya ku pulayimale pofika sabata yachisanu ndi chitatu. Sizinandithandize kugona. Mphwanga tsitsi linali litayothoka, nsidze zapyapyala, akamva fungo la mankhwala opukutira manja mseru n'kumubwera. Mwanabere wa m'khosi anali ataphwa, inde, koma ine ndinali nditaphunzira za chulu. Anajambulidwanso, ola lija la mdima, chimphete chija. Masiku asanu odikira zotsatira ndinapsereza mpunga kawiri ndipo kuntchito ndinaveka gogo wina nsapato mosemphanitsa.

Tinalowa. Dokotala uja sanatilonjere n'komwe bwinobwino, anangotembenuza kompyuta, zithunzi ziwiri zili phewa ndi phewa. Ndinayang'ana kumanja. Mutu wakuda, chabwino, ameneyo ndimamudziwa. Chikhodzodzo, ndimachidziwa. Timizere ta impso. Ndinafunafuna m'khosi, m'khwapa, pachifuwa paja panali chimpira. Mbee! Ndinavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, kuvalanso. Mbee ndithu.

"Deauville 2," anatero mayiyo.

Mphwanga anakhala chete kamphindi, kenako anandigwira bondo. "Amalume, mwamva? Ndakhoza 2." Ine ndisanayankhe anapitiriza, mawu akunjenjemera koma maso akuseka: "Distinkishoni, Amalume. Pa MSCE sindinaione n'kamodzi komwe." Dokotala anadabwa kuona amuna awiri akuluakulu akuseka mpaka misozi, ndiye ndinayenera kumufotokozera kuti kwathu pamayeso a Fomu 4 nambala yaing'ono ndiyo yabwino, 1 ndi 2 ndi za anzeru, ndipo mnyamata uyu masamu anapeza 8 atavutika. Mayiyo anatenga cholembera, n'kutsegula pepala la mankhwala, n'kukhwatcha mzere pa bleomycin tikuona. Madiripi asanu ndi atatu otsalawo B sadzalowanso. Ine chiyambire sindinaonepo mzere wokongola ngati umenewo. Kuchipatala tinazolowera kuti uthenga uliwonse ndi wowonjezera, mapiritsi ena, jakisoni wina, tsiku lina lobwera. Apa munthu akuchotseredwa katundu pamutu chifukwa thupi lake layankha bwino.

Panja pa chipatala, pamalo oimika magalimoto, mvula ya kuno yosatha ija ikuwaza, ndinavina. Ndikunena zoona. Ngoma ya kwathu ku Ntcheu, mwendo kukweza n'kupondetsa pansi, ambulera ili m'manja m'malo mwa chishango. Azungu odutsa ankayang'ana kumbali mwaulemu monga amachitira akaona wamisala. Mphwanga, chipewa chaubweya chili kumutu kwa dazi lakelo, ankajambula pafoni uku akufuula kuti, "Ankolo, msana! Musaiwale msana!" Mkulu wa tiyi uja titamuuza sabata yotsatira anatipatsa mabisiketi paketi yonse, n'kupempha kuti aone zithunzizo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, dzanja lina lili pamimba pake.

Musandimve molakwa, shuga wonyengayu si mneneri. Mwa oyera a mu RATHL aja, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi awiri matenda anamubwererabe, n'chifukwa chake mankhwala otsalawo mphwanga anawamaliza onse, osadumphako ngakhale limodzi. Pa mitundu ina ya lymphoma zinthu sizinayende mokoma chonchi: kafukufuku wa PETAL wa ku Essen, wa mu 2018, anapeza kuti pa lymphoma yaukali yomwe si Hodgkin chithunzi chapakati chimalosera ndithu, koma kusamutsira odwalawo ku mankhwala oopsa kwambiri sikunawapulumutse. Komanso shugayu sasankha womudya. Minofu yogwira ntchito imamumeza, n'chifukwa chake amaletsa kulankhula ndi kutafuna. Mafuta ena a m'khosi amawala munthu akazizidwa, n'chifukwa chake bulangete lija. Chilonda chimawala. TB imawala kwambiri, ndipo apa ndi pamene ndinaganiza za kwathu, kumene munthu wa anabere m'khosi, thukuta la usiku ndi kuonda kawirikawiri amayamba wapatsidwa mankhwala a TB miyezi ingapo wina asanaganize zodulako kachidutswa. Chithunzi sichilowa m'malo mwa kudulako kachidutswa n'kukayeza, kuno ngakhale kwathu. Achemwali anandifunsa ngati makinawa aliko kuchipatala cha Central kapena cha Queens. Pa nthawiyo kunalibe, ofuna kujambulidwa chonchi ankapita ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku India. Vuto si kugula chimphete chokha. Shuga wotha theka m'mphindi 110 amafuna makina omupangira akhale pafupi, magetsi osathima, ndi anthu odzuka usiku kukamuphika kuti m'mawa akhale ali pamkono wa wodwala.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana, CT inaonetsa kuti pachifuwa patsala kachotupa ngati ndimu yaing'ono. Mtima wanga unadumphanso, koma dokotala anati chimenecho ndi chulu chosamukidwa, chiswe chinachoka kale, palibe chowotcha. Tsitsi linamera lofewa ngati la khanda, kenako n'kubwerera mwakale. Lamba uja mabowo atsopano aja sakugwiranso ntchito, akale omwe ayamba kuchepa. Loweruka lililonse amasewera mpira ndi anyamata a ku Zimbabwe ndi ku Ghana pabwalo la kuseri kwa sitolo, mphindi 90 zathunthu pa mapapo ake omwe, n'kubwera kunyumba matope okhaokha kudzandithera chakudya.

Koma zokoma zenizeni zinachitika madzulo a tsiku la 2 lija. Tinaimbira achemwali pa WhatsApp, vidiyo, netiweki ya ku Ntcheu ikudukaduka. Anali pakhonde ndi azimayi a Mvano atatu omwe ankabwera kudzapemphera nawo Lachinayi lililonse chiyambire matendawa. Mphwanga anayandikitsa pepala loyamba pafoni, azimayiwo n'kubuula. Anayandikitsa lachiwiri. Nthungululu imene inatuluka m'kafoni kameneko aneba anga a kuno anaimva kudutsa khoma. Wina anayambitsa nyimbo, wina anagwetsa mpando, chithunzi chinaima, chinayendanso, tikuona denga la malata ndi mapazi okhaokha.

Phokoso litatsika achemwali anabweza nkhope yawo pafoni, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti aonenso bwinobwino. Anayang'anitsitsa, nkhope n'kusintha.

"Achimwene, musandinamize. Nanga chakuda chili kumutuko n'chiyani?"

"Umenewo ndi ubongo, achemwali. Ukamagwira ntchito umadya shuga, ndiye umaoneka choncho."

"Ubongo wa mwana wangayu?"

"Eya, wake womwewo."

Anakhala kaye chete, n'kutembenukira kwa anzawo aja. "Mwamva, amayi? Akuti ulimo, ndipo ukugwira ntchito." Kenako kwa ine: "Pepala limenelo mulisunge bwino, lisanyowe. Mukamabwera pa Khirisimasi mubwere nalo, ndikawaonetse aphunzitsi ake a masamu."